Kuyezetsa magazi pofufuza matenda a dengue: mafunso ndi mayankho

Munthu akatentha thupi kuno kwathu, aliyense amathamangira kunena kuti ndi malungo, ndipo kawirikawiri zimakhaladi choncho. Koma pali ena amene amabwera kuchokera ku Dar es Salaam kokaoda katundu kapena kokatenga galimoto, ena kuchokera ku India kumene anaperekeza m'bale wodwala, amene amayezedwa malungo kawiri konse osapezeka kanthu, thupi likutenthabe, mutu ukuwawa kuseri kwa maso, mafupa onse ataphwanya. Apa ndi pamene dokotala watcheru amaganizira za dengue n'kupempha kuti magazi akayezedwe. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza kuyeza kumeneko, makamaka kuja amati IgM ndi IgG.

Kodi dengue ndi matenda anji, ndipo ife akutikhudza bwanji?

Ndi matenda oyamba ndi kachilombo ka mtundu wa vayirasi, kamene kamafalitsidwa ndi udzudzu wotchedwa Aedes, makamaka Aedes aegypti. Udzudzu umenewu ndi wakuda, wa mizere yoyera m'miyendo, ndipo umaluma masana, makamaka m'mamawa ndi dzuwa likamapendeka. Umaswana m'madzi odikha pafupi ndi nyumba: m'matayala akale, m'migolo yosavundikira, m'zitini zotayidwa kuseri kwa khitchini. Munthu akalumidwa pamapita masiku 4 mpaka 10 kuti ayambe kudwala. Ambiri sadwala n'komwe, ena amadwala pang'ono, koma ochepa amafika pa kayakaya.

Bungwe la WHO limati pafupifupi theka la anthu a padziko lapansi amakhala m'madera amene angatengeko matendawa. Mu 2023 anthu oposa 1,700 anamwalira nawo ku Bangladesh, ndipo mu 2024 dziko la Brazil lokha linawerengera odwala oposa 6 miliyoni. Sikuti ndi nkhani yakutali kokha ayi. Mzinda wa Dar es Salaam unavutika ndi dengue mu 2014 ndi mu 2019, ndipo mu 2014 matendawa anabukanso ku Pemba ndi ku Nampula m'dziko la Mozambique. Onsewa ndi malo amene anthu athu amapitako.

Akamati akuyeza ma antibody, kwenikweni amayang'ana chiyani m'magazimo?

Sayang'ana kachilomboko. Amayang'ana zimene thupi lanu lapanga polimbana nako. Kachilombo kakalowa, chitetezo cha m'thupi chimayamba kupanga asilikali odziwa kachilombo kameneko, ndipo asilikali amenewa ndiwo ma antibody. Akapezeka m'magazi, ndiye kuti thupi linakumanapo ndi mdaniyo.

Amene anayezetsapo HIV akudziwa kale mmene izi zimakhalira. Aphungu amafotokoza kuti munthu amene wangotenga kumene kachilombo angathe kupezeka alibe, chifukwa thupi lisanayambe kupanga asilikali oti chipangizo chiwaone, ndipo amamuuza kuti adzabwerenso. Ku dengue nakonso kuli nthawi yodikira yotere, kungoti ndi ya masiku owerengeka chabe. Vuto ndi lakuti masiku owerengekawo ndi omwewo amene munthu amakhala ali kwakaya ndipo akufuna yankho.

Nanga IgM ndi IgG zimasiyana bwanji?

Ndi magulu awiri a asilikali amene amafika nthawi zosiyana.

Kwa munthu amene akudwala dengue koyamba m'moyo wake, IgM ndiyo imayamba. Malangizo a WHO a mu 2009 amasonyeza kuti pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu chiyambire kudwala, IgM imaoneka mwa theka la odwala basi. Pofika tsiku lachisanu imaoneka mwa anthu 80 pa 100 alionse, ndipo pofika tsiku lakhumi ndi mwa 99 pa 100. Imachuluka kwambiri pakatha masabata awiri, kenako n'kuyamba kuchepa mpaka kuzimiririka pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

IgG imachedwa. Imayamba kuoneka pang'ono chakumapeto kwa sabata yoyamba, n'kumakwera mwapang'onopang'ono, koma ikakhazikika sichoka msanga. Imatha kukhala m'magazi zaka zambiri, mwina moyo wonse. Ndiye chifukwa chake IgM imatiuza za matenda a posachedwapa, pamene IgG imatiuza kuti munthu anakumanapo ndi kachilomboka nthawi ina, kaya ndi mwezi watha kaya zaka khumi zapitazo.

N'chifukwa chiyani adokotala akulimbikira kundifunsa tsiku limene ndinayamba kutentha thupi?

Chifukwa popanda tsiku limenelo, pepala la zotsatira silinena kanthu. Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndikanakonda wodwala aliyense ndi womudwazika aliyense atachigwira, ndi chimenechi. Mawu oti "negative" pa tsiku lachiwiri ndi mawu omwewo pa tsiku lakhumi ali ndi matanthauzo awiri osiyana kotheratu.

Tiyerekeze mayi wina wageni wabwera pa basi kuchokera ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, wadutsa pa Songwe Lachisanu, ndipo Lachiwiri usiku wayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi. Lachiwiri limenelo ndilo tsiku loyamba. Akayezetsa IgM Lachitatu, mosakayika sipapezeka kanthu, ngakhale kachilombo katadzaza m'magazi mwake, chifukwa asilikali sanafike. Akayezetsa Loweruka, lomwe ndi tsiku lachisanu, mwayi woti IgM ioneke ndi waukulu ndithu. Akayezetsa Lachinayi la sabata yotsatira, tsiku lakhumi, IgM n'kusapezekabe, pamenepo dokotala ali ndi chifukwa chomveka choyang'anira matenda ena. Mayi ndi yemweyo, chipangizo ndi chomwecho, chasintha ndi tsiku lokha.

Ambirife tikafunsidwa timayankha kuti "ndayamba masiku apitawa" kapena "sabata yatha ija". Yankho lotere silithandiza. Khalani pansi muwerenge ndi zala: linali tsiku lanji, m'mawa kapena usiku? Lembani m'kabuku ka kuchipatala. Lembaninso tsiku limene munabwera ku ulendo ndi mizinda imene munagonako. Musadikire kufunsidwa za ulendo. Wogwira ntchito pa chipatala amene waona anthu ambirimbiri a malungo tsiku limenelo sangalote kuti inu munali ku Mombasa kapena ku Delhi sabata yatha.

Ndayezetsa tsiku lachiwiri ndipo IgM ndi IgG zonse palibe. Ndiye kuti ndilibe dengue?

Ayi, sizikutanthauza choncho. Mwangofulumira. M'masiku asanu oyambirira pali njira ziwiri zoyenerera kuposa ma antibody. Yoyamba ndi NS1, kachidutswa kamene kachilombo ka dengue kamatulutsa m'magazi kuyambira tsiku loyamba la kudwala mpaka chakumapeto kwa sabata yoyamba. Yachiwiri ndi PCR, ija tinaizolowera nthawi ya Covid-19, imene imafufuza kachilombo kenikeniko ndipo imatha kunena kuti ndi mtundu uti wa dengue. PCR imafuna labotale yaikulu ndiponso ndi yodula.

Zikakhala kuti zonsezi palibe, njira yotsala ndi kubwereranso kukayezetsa IgM likadutsa tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chiwiri. M'masiku odikirawo wodwala asamalidwe ngati munthu amene angakhale ndi dengue.

Kodi kuyezako kumachitika bwanji?

Pali njira yachangu ndi ya ku labotale. Yachangu imagwiritsa ntchito kapulasitiki kofanana ndi koyezera malungo. Amakupukutani chala, n'kubaya, n'kudonthetsera magazi m'kabowo kake, kenako madontho a madzi a m'kabotolo kamene kamabwera limodzi ndi chipangizocho. Pakatha mphindi 15 mpaka 20 amawerenga. Pa kazenera pamakhala zilembo zitatu: C, M ndi G. Mzere wa pa C umangosonyeza kuti chipangizo chagwira ntchito, ndipo ukapanda kuoneka zotsatirazo n'zotaya, ayambirenso. Mzere wa pa M ndi IgM, wa pa G ndi IgG. Mzere ngakhale utaoneka mofuwira, umawerengedwabe. Koma kapulasitiki kakagona pa tebulo ola lathunthu, mizere imene yatulukira mochedwa siyodalirika. Zipangizo zina, monga Bioline Dengue Duo, zimakhala ndi mazenera awiri, lina la NS1 lina la IgM ndi IgG, ndipo zimenezi ndi zabwino chifukwa zimagwira wobwera msanga ndi wobwera mochedwa yemwe.

Njira ya ku labotale imatchedwa ELISA. Amatenga magazi a pa mtsempha wa pa mkono, ndipo zotsatira zimatuluka pakatha maola angapo kapena masiku, malinga ndi kumene magaziwo atumizidwa. Ndi yodalirika kuposa yachangu.

Kuno kwathu dengue siyezedwa mwachizolowezi monga malungo, choncho musadabwe chipatala chaching'ono chikakutumizani kwina.

Kodi ndipite osadya kanthu?

Ayi. Idyani, ndipo makamaka imwani madzi. Chakudya sichisokoneza kuyezaku.

Zotsatira zanga zikuti IgG ilipo koma IgM palibe. Ndiye kuti chiyani?

Pali matanthauzo awiri, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasochera. Loyamba ndi lakuti munadwalapo dengue kale, mwina osadziwa n'komwe, ndipo kutentha thupi kwa lero kwachokera kwina. Munthu amene anakhalapo zaka zingapo ku Mumbai kapena ku Dar es Salaam angathe kupezeka ndi IgG ali bwinobwino. Kumupatsa dzina la dengue chifukwa cha mzere wa G wokha, n'kusiya kufufuza taifodi kapena chibayo, ndi kulakwitsa kumene kungatayitse moyo.

Lachiwiri ndi lakuti mukudwala dengue kachiwiri. Thupi limene linakumanapo ndi kachilomboka silidikira sabata. IgG imakwera msanga, m'masiku oyambirira enieni, ndipo imachuluka kwambiri, pamene IgM imakhala yochepa kapena osaoneka n'komwe. Kuti dokotala asiyanitse ziwirizi amadalira NS1 kapena PCR, mmene wodwala akuonekera, ndi kuyezanso magazi kachiwiri. Dziwaninso kuti NS1 nayo imaphonya kawirikawiri mwa odwala kachiwiri, choncho kusapezeka kwake sikutseka nkhani.

Ndimaganiza kuti ukadwala kamodzi ndiye kuti watetezeka. Munthu angadwale bwanji kachiwiri?

Dengue ili ndi mitundu inayi: DENV-1, DENV-2, DENV-3 ndi DENV-4. Ukadwala mtundu umodzi umatetezeka ku mtundu umenewo kwa nthawi yaitali, koma ku mitundu itatu yotsalayo chitetezo chake n'chosakhalitsa. Chodetsa nkhawa n'chakuti kudwala kwachiwiri ndiko kumakonda kukhala koopsa. Asilikali akale aja amakazindikira kachilombo katsopanoko, amakagwira, koma amalephera kukagonjetsa, ndipo m'malo mwake amakathandiza kulowa m'maselo a thupi. Katswiri wa ku America, Scott Halstead, ndi amene amadziwika kwambiri pofotokoza zimenezi.

Zimene zinachitika ku Cuba zimaonetsa bwino nkhaniyi. Mu 1977 mtundu wa DENV-1 unafalikira m'dzikomo, anthu ochuluka anadwala koma mosaopsa. Mu 1981 kunabwera DENV-2. Odwala anaposa 300,000, zipatala zinadzaza ndi anthu otaya magazi, ndipo anthu 158 anamwalira, ambiri mwa iwo ana. Ndiye chifukwa chake dokotala akaona IgG yambiri m'masiku oyambirira a kudwala, amamuyang'anira wodwalayo mwatcheru kwambiri. Izi sizikutanthauza kuti aliyense wodwala kachiwiri afika pa kayakaya. Ambiri amachira bwinobwino.

Kodi chipangizo chingasonyeze dengue pamene ndilibe?

Inde, ndipo ichi ndi chofooka chachikulu cha kuyeza ma antibody. Kachilombo ka dengue kali ndi abale ofanana nako kwambiri: ka Zika, ka yellow fever, ka West Nile ndi ka Japanese encephalitis. Asilikali opangidwa polimbana ndi kamodzi amatha kuonekera pa chipangizo choyezera kena, makamaka IgG.

Izi zikutikhudza ife oyenda maulendo. Ngati munabayitsa katemera wa yellow fever kuti mupeze kakhadi kachikasu kaja amafunsa m'malire ndi pa bwalo la ndege, magazi anu angathe kuonetsa mzere pa chipangizo cha dengue popanda dengue. Auzeni adokotala za katemerayo ndi chaka chimene munabayitsa. Malungo, matenda a leptospirosis ndi nyamakazi ya mtundu wa rheumatoid nazonso zimadziwika kuti nthawi zina zimatulutsa IgM yabodza pa zipangizo zachangu. Kumayambiriro kwa 2020 madokotala a ku Singapore analengeza za odwala awiri amene chipangizo chachangu chinasonyeza dengue, koma pambuyo pake kunapezeka kuti anali ndi Covid-19.

Pa chifukwa chimenechi, IgM ya kuyeza kumodzi imatengedwa ngati umboni wakuti mwina ndi dengue, osati chitsimikizo chomaliza. Chikungunya, imene zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi dengue ndipo imafalitsidwa ndi udzudzu womwewo, ndi ya banja lina ndipo ili ndi choyezera chake.

Nanga chitsimikizo chenicheni chimapezeka bwanji?

M'masiku oyambirira, PCR kapena NS1 zikapezeka ndiye kuti nkhani yatsimikizika. Kumbali ya ma antibody, amatenga magazi kawiri: koyamba wodwala akangofika, kachiwiri pakatha masabata awiri. Ngati IgM kunalibe koyamba koma yapezeka kachiwiri, kapena IgG yachuluka kanayi kapena kuposa apo, ndiye kuti inalidi dengue. Palinso njira ina yotchedwa PRNT yosiyanitsa dengue ndi abale ake aja, koma imachitika m'malabotale ochepa ndipo imatenga nthawi. Mayankho ochedwawa amafika wodwala atachira kale. Phindu lake ndi kwa akuluakulu a zaumoyo amene akufuna kudziwa ngati matenda abuka m'dera, komanso kwa inu nomwe, kuti mudzadziwe mukadzadwalanso m'tsogolo.

Andipeza ndi malungo. Pali chifukwa choyezeranso dengue?

Malungo ayenera kuyezedwa choyamba nthawi zonse, chifukwa amapha msanga ndipo mankhwala ake alipo. Akapezeka, imwani LA monga mwauzidwira. Koma matenda awiriwa amatha kugwira munthu nthawi imodzi. Ngati mwamaliza mankhwala a masiku atatu aja thupi likutenthabe, ndipo munali ku dera la dengue m'masabata awiri apitawa, bwererani ku chipatala mukanene.

Kodi IgM kapena IgG ikachuluka ndiye kuti matenda akula?

Ayi. Kuyeza kumeneku kumatchula dzina la matenda, sikuyeza kukula kwake. Chimene chimauza dokotala za ngozi ndi kuwerenga magazi onse, kuja amati full blood count, ndipo kumabwerezedwa tsiku ndi tsiku pa nthawi yoopsa. Amayang'ana ma platelet, tizigawo tothandiza magazi kuundana, amene mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 150,000 ndi 450,000 ndipo mu dengue amatsika. Amayang'ananso haematocrit, imene imasonyeza kukhuthala kwa magazi. Ikamakwera ndiye kuti madzi a m'magazi akutuluka m'mitsempha, ndipo kutuluka kumeneko ndiko kumapha anthu ambiri a dengue.

Chonyenga cha matendawa n'chakuti ngozi imabwera thupi likayamba kuzizira, pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri, ndipo imatenga maola 24 mpaka 48. Pa nthawi imene a m'banja akupuma kuti wodwala wapezako bwino, m'pamene ayenera kutsegula maso. Kupweteka kwambiri kwa m'mimba, kusanza kosalekeza, magazi otuluka m'nkhama kapena m'mphuno, magazi m'masanzi kapena m'chimbudzi, kupuma mofulumira, manja ndi mapazi ozizira, kufooka kapena kusakhazikika, kusakodza kwa maola ambiri: chimodzi mwa izi chikaoneka, nyamulani wodwala nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku, kaya pepala la dzana linati "negative". Pepala lisakutsekereni m'nyumba. Wofika msanga amapatsidwa madzi a m'diripi moyezedwa bwino, ndipo kumene chisamaliro chotere chilipo, omwalira amachepera mmodzi pa odwala 100 alionse.

Podikira zotsatira ndimwe chiyani?

Panado yekha pochepetsa ululu ndi kutentha thupi, osapitirira muyeso. Musamwe aspirin, Brufen kapena diclofenac, chifukwa zimawonjezera ngozi yotaya magazi. Werengani zolembedwa pa mapaketi a mankhwala a mutu ogula pa okala, popeza ena amakhala ndi aspirin mkati. Imwani madzi ambiri, Thanzi ORS, phala lamadzimadzi ndi madzi a zipatso. Mankhwala opha kachilombo ka dengue palibe, ndipo maantibayotiki sagwira ntchito pa vayirasi. Choncho chisamaliro chimayamba zotsatira zisanatuluke, ndipo zikatuluka sichisintha kwenikweni.

Bwanji za amayi oyembekezera ndi makanda?

Mayi woyembekezera amene akuganiziridwa dengue ayenera kuonedwa ku chipatala msanga, chifukwa matendawa angachititse kuti mwana abadwe masiku asanakwane, ndiponso kutaya magazi pochira. Kwa iye PCR ndi yofunika kwambiri ngati anali ku dera kumene kulinso Zika, popeza ma antibody amalephera kusiyanitsa bwino ziwirizi pamene Zika imatha kuvulaza ubongo wa mwana wosabadwa.

Kwa khanda, IgG imadutsa kuchokera kwa mayi mwana ali m'mimba, ndipo imakhala m'magazi mwake miyezi ingapo. IgG ya khanda la miyezi itatu ingakhale ya mayi ake. IgM siwoloka choncho, ndiye ikapezeka ndi ya mwanayo.

Ndamva kuti kwina amayeza IgG asanabaye katemera wa dengue. Ndi zoona?

Ndi zoona kwa katemera mmodzi, wotchedwa Dengvaxia. Dziko la Philippines linayamba kubaya ana asukulu katemerayu mu 2016, ndipo ana oposa 800,000 analandira. Mu November 2017 kampani yopanga katemerayu, Sanofi Pasteur, inalengeza kuti amateteza amene anadwalapo kale dengue, koma kwa amene sanadwalepo amawonjezera ngozi yodwala moopsa akadzalumidwa m'tsogolo. Boma linaimitsa ntchitoyo, makolo ambiri anataya chikhulupiriro pa akatemera onse, ndipo mu 2018 WHO inalangiza kuti munthu aziyamba wayezedwa kuti zidziwike ngati anadwalapo. Apa IgG yabodza ndi yoopsa, chifukwa imabayitsa mwana amene sanayenere kubayidwa. Katemera wina, Qdenga wa kampani ya Takeda, amene WHO inamuvomereza mu 2024 ndipo imalangiza kuti aperekedwe kwa ana a zaka 6 mpaka 16 m'madera amene dengue ndi yochuluka, safuna kuyeza koyambaku.

Ndinachira mwezi watha koma IgM ikuonekabe. Kodi ndingapatsire a m'banja langa?

Ayi. IgM imatsalira miyezi iwiri kapena itatu kachilombo katatha kale, ndipo palibe chifukwa chomangobwereza kuyezetsa kudikira kuti izimiririke. Nthawi imene munthu angapatsire ena ndi ya kudwala kwenikweniko, kuyambira masiku awiri zizindikiro zisanayambe mpaka masiku awiri thupi litazizira, ndipo amapatsira kudzera mwa udzudzu, osati pogwirana chanza kapena kudyera mbale imodzi. Udzudzu ukamuluma pa nthawi imeneyo, pakatha masiku 8 mpaka 12 umayamba kupatsira aliyense amene waluma kwa moyo wake wonse. Popeza udzudzu wa Aedes ulipo kuno kwathu, wobwera ku ulendo ali ndi dengue azigona m'neti masana omwe m'sabata yoyamba ya kudwala, ndipo a pakhomo atayiretu madzi a m'matayala ndi m'zitini, avundikire migolo ndi ndowa, n'kumazitsuka m'mbali mwake sabata iliyonse, chifukwa mazira a udzudzu umenewu amamatirira m'mbali mwa chotengera ndipo amatha miyezi ingapo ali ouma osafa.